Mlandu wa Beximco ndi phunziro lake kwa wophunzira malamulo a malonda a pakati pa mayiko

M'chaka cha 2004, khoti la apilo mumzinda wa London linagamula mlandu umene mpaka lero umaphunzitsidwa m'mayunivesite ambiri. Shamil Bank ya ku Bahrain inapereka ndalama ku kampani ya Beximco Pharmaceuticals ya ku Bangladesh ndi makampani anzake kudzera mu mgwirizano wa murabaha. Mu mgwirizano wotere banki imagula katundu n'kumugulitsa kwa kasitomala pa mtengo wokwererako umene onse awiri agwirizana, m'malo mobwereketsa ndalama pa chiwongoladzanja. Kalata ya mgwirizanowo inanena kuti pangano lidzayendetsedwa ndi malamulo a ku England, mogwirizana ndi mfundo za Shariah.

Beximco italephera kulipira, inauza khoti kuti mgwirizanowo unali ngongole ya riba yobisika, choncho Shariah siikanaulola. Oweruza anakana. Iwo anati pangano limodzi silingalamulidwe ndi malamulo a mitundu iwiri nthawi imodzi, ndipo Rome Convention ya 1980 inkalola anthu kusankha malamulo a dziko lodziwika basi. Anaonjezeranso kuti kungotchula Shariah popanda kufotokoza mfundo zake n'kosakwanira, popeza maulama amasiyana maganizo pa nkhani zambiri za malonda. Beximco inalamulidwa kulipira.

Chimene mlanduwu ukuonetsa n'chakuti pa malonda odutsa malire, cholinga chabwino cha mumtima sichiteteza munthu. Chimene chimagwira ntchito ndi mawu olembedwa, malamulo osankhidwa, ndi bwalo lokaweruzirako mkangano. Izi ndizo maziko a phunziro la malamulo a malonda a pakati pa mayiko.

Wophunzira amayamba ndi pangano la United Nations la 1980 lokhudza kugulitsana katundu, lodziwika kuti CISG, lomwe linavomerezedwa ku Vienna n'kuyamba kugwira ntchito mu 1988. Zambia inali m'gulu la mayiko oyamba kulowamo, pamene Malawi, South Africa ndi Britain sali m'panganoli. Choncho loya ayenera kudziwa msanga dziko la wogula ndi la wogulitsa asanalangize aliyense.

Kenaka pamabwera Incoterms, malamulo amene International Chamber of Commerce inayamba kutulutsa mu 1936 ndipo inawakonzanso mu 2020. Wamalonda wa ku Limbe akagula katundu pa mfundo ya CIF mpaka ku doko la Beira, wogulitsa ndiye amalipira sitima ndi inshuwalansi. Komatu chiopsezo chimasamukira kwa wogula katunduyo akangokwezedwa m'sitima kumene akuchokera. Katundu akaonongeka panyanja, wogula sangakane kulipira. Amakadandaula ku kampani ya inshuwalansi. Kwa dziko lopanda nyanja ngati lathu, lodalira Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban, palinso ulendo wa pamsewu kapena wa panjanji umene uyenera kulembedwa momveka bwino.

Gawo lachitatu ndi la malipiro. Mabanki ambiri amatsatira malamulo a UCP 600 a m'chaka cha 2007 pa kalata ya banki yolonjeza kulipira wogulitsa. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti banki imayang'ana zikalata, siyang'ana katundu. Apa ndi pamene Msilamu wophunzira amaona funso limene anzake ena sangalione. Murabaha imafuna kuti banki ikhale mwini katunduyo, ndi kusenza chiopsezo chake, isanamugulitse kwa kasitomala. Nanga dzina lolembedwa pa chikalata cha sitima ndi la yani? Umwini wasamuka tsiku liti? Mayankho a mafunso amenewa ndi amene amasiyanitsa malonda a halal ndi ngongole yovekedwa dzina lina.

Njira yopewera zimene zinachitika pa mlandu wa Beximco ilipo. Yoyamba ndi kulemba mfundo za Shariah zenizenizo m'kati mwa mgwirizano, kapena kutchula miyezo yodziwika monga ya bungwe la AAOIFI la ku Bahrain, kuti woweruza aziwerenge ngati mbali ya pangano. Yachiwiri ndi kusankha amkhalapakati odziimira paokha m'malo mwa khoti, pakuti malamulo a mayiko ambiri, kuphatikizapo Arbitration Act ya ku England ya 1996, amalola kuti mkangano uweruzidwe ndi mfundo zimene eni ake asankha. New York Convention ya 1958 imachititsa kuti chigamulo cha amkhalapakati chilemekezedwe m'mayiko oposa 160, ndipo Malawi inalowa m'panganoli mu 2021.

Kulemba mapangano si chinthu chachilendo m'Chisilamu. Ndime yaitali kuposa zonse mu Qur'an yolemekezeka, ya 282 mu Surah Al-Baqarah, ikunena za kulemba ngongole ndi kuika mboni. Chofunika ndi anthu odziwa mbali zonse ziwiri. Sheikh wodziwa fiqh ya malonda mwina sanawerengepo UCP 600, ndipo loya wophunzira ku Zomba mwina sanamvepo kusiyana kwa murabaha ndi ijara. Wamalonda amene waika chuma chake chonse m'kontena imodzi amafuna munthu mmodzi womvetsa zonsezi.

Choncho mnyamata kapena mtsikana amene akusankha maphunziro pa yunivesite aganizirepo za phunziroli. Limafuna Chingerezi chakuthwa, kuleza mtima powerenga zigamulo zazitali, ndi kusamala liwu lililonse. Amene anadutsa ku madrasa ndipo akudziwa Chiarabu wayamba kale ulendowu ali patsogolo. Malonda a pansi pa mgwirizano wa AfCFTA anatsegulidwa pa 1 January 2021, ndipo mapangano odutsa malire afunika anthu owalemba mosamala.