Galimoto Ikakandika

Galimoto yatsopano imanyezimira. Koma ikadutsa njira ya minga, imakandika. Mcenga ndi timiyala nazonso zimaikanda.

Utoto wa galimoto umapakidwa katatu. Woyamba umateteza citsulo ku dzimbiri. Waciwiri ndi wa mtundu: wofiira, woyera kapena wobiriwira. Wacitatu ndi vanishi. Vanishi amaoneka ngati madzi. Ndi wopyapyala kuposa pepala la buku ili. Ndiye amene amanyezimiritsa galimoto.

Mmisiri akaona mzere pa galimoto, amayamba watsuka malowo ndi madzi ndi sopo. Kenaka amayendetsa cikhadabo pa mzerewo. Cikhadabo cikapanda kukola, ndiye kuti wakandika ndi vanishi yekha.

Pamenepo mmisiri amapaka polishi pa kansalu kofewa. Amapukuta mozungulira, pang'onopang'ono. Polishi amadya vanishi pang'ono. Malowo amasalala, ndipo mzere umazimirira. Mmisiri sakanikiza kwambiri, kuopa kumaliza vanishi yense. Potsiriza amapaka phula loteteza.

Cikhadabo cikakola, balalo ndi lakuya. Polishi sangathandize. Pamafunika utoto wina msanga, cifukwa citsulo cikanyowa ndi mvula cimacita dzimbiri. Nchito imeneyi imadya ndalama zambiri.

Ana ena amakonda kulemba ndi cala pa galimoto ya fumbi. M'fumbi muli timcenga takuthwa, ndipo timakanda vanishi. Mwana wanzeru amalemba m'kope kapena pansi.

Mafunso
1. Kodi utoto wa galimoto umapakidwa kangati?
2. Kodi mmisiri amadziwa bwanji kuti bala ndi lakuya?