Mwabzala mitengo kugombe, nanga pepala lake lili kuti?

Gulu likabzala mitengo ya mudzi wonse, dandaulo limene limatsatira silisiyana kwenikweni. Amayi adzaza machubu, athirira nazale ndi ndowa chilimwe chonse, mvula itagwa abzala. Pakapita zaka zitatu kapena zinayi pamatulukira munthu ndi nkhwangwa, kapena wina amakumba maziko a nyumba pakati pa mitengoyo. Mukapita naye kwa amfumu, iye amati malowo anali a agogo ake. Mukapita naye kupolisi, amayamba ndi kufunsa inuyo kuti, “Muli ndi pepala lanji losonyeza kuti nkhalangoyi ndi yanu?” Akomiti amangoyang'anana. Chimene ali nacho ndi kope la mayina a anthu amene ankabwera kudzathirira, ndi chithunzi cha tsiku limene alendo a bungwe anabwera kudzabzala mtengo woyamba.

Pa Likoma nkhaniyi imawawa kwambiri chifukwa malo ndi ochepa. Chilumbachi ndi cha masikweya kilomita pafupifupi 18, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu 14,527 m'boma lonse, kuphatikizapo Chizumulu. Mbali yaikulu ndi miyala ndi mchenga, milambe ndi mango, ndipo nkhuni zambiri zophikira ndi zowambira nsomba zimachokera kutsidya, cha ku Cobue ku Mozambique. Mu 2024 nyanja inakwera kupitirira mamita 476 pamwamba pa mlingo wa nyanja yamchere, msinkhu umene inali isanafikepo kuchokera cha m'ma 1980. Madzi akakwera chotero, mwera n'kuwomba, mafunde amadya gombe lililonse limene lilibe mizu yoligwira.

Anzathu a ku Beira ndi ku Quelimane ku Mozambique amatchinga mafunde ndi mitengo ya mangrove, yomera m'matope a madzi amchere, ndipo namondwe Idai atawakantha mu Marichi 2019 boma lawo linakhazikitsa ndondomeko yapadera ya mitengoyi mu 2020. Kuno madzi ndi opanda mchere, mitengo imeneyo singamere. Ntchito yake imagwiridwa ndi bango, udzu wa vetiva, mikuyu ndi katope m'mphepete mwa madzi, komanso mitengo ya m'zitunda imene imachepetsa liwiro la madzi a mvula asanakokolole nthaka. Dziko la Malawi linalonjeza mu 2016 kuti lidzabwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika 2030, ndipo chaka ndi chaka nyengo yobzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Zimenezo mumazimva pa wailesi. Zimene sanena pa wailesi ndi njira yoti mitengoyo ikhale yanu mwalamulo.

Poyambira: malowo ndi a yani?

Musanagule chubu ngakhale chimodzi, dziwani mtundu wa malo amene mukufuna kubzalapo. Pachilumba chaching'ono chotere, ukayenda pang'ono wadutsa malo a mudzi, malo a banja, malo a mpingo, ndi malo amene mwini loji anatenga lizi ku boma. Lamulo la zankhalango la 1997, mu gawo 30, limapatsa nyakwawa mphamvu yopatula nkhalango ya m'mudzi, molangizidwa ndi Mkulu wa Zankhalango, koma pa malo a makolo amene sanapatsidwe kwa munthu. Mawu omalizawa ndi amene amagwetsa makomiti ambiri. Amfumu amaloza ndi ndodo kuti “bzalani kuyambira pa mlambe uwo mpaka pa mwala uwo,” aliyense amaomba m'manja, koma palibe amene walemba. Mwini wake wa tchirelo ali ku Mzuzu kapena ku Johannesburg, ndipo akadzabwera adzapeza nkhalango pa malo amene bambo ake ankalimapo chinangwa.

Lamulo la malo a makolo la 2016 linabweretsa komiti ya malo pa gulupu aliyense. Wapampando ndi a Gulupu, ndipo mamembala ena 6 amasankhidwa ndi anthu, atatu mwa iwo kapena kuposerapo akhale amayi. Kumene komitiyi ikugwira ntchito, malire a nkhalango yanu adutse kumeneko. Kumene ilipo m'dzina lokha, itanitsani msonkhano wa mudzi wonse, yendani malirewo ndi mapazi pamodzi ndi mabanja oyandikana nawo, ndipo aliyense asayine kapena adinde chala. A Gulupu aikepo chidindo, kalatayo ikafike kwa Mfumu Yaikulu Mkumpha. Mkangano ukadzabuka, bwalo la milandu ya malo lidzayamba kuona pepala limenelo lisanamve za thukuta lanu.

Gombe lili ndi eni ake ambiri

Kumtunda mumakambirana ndi amfumu ndi a zankhalango basi. Mukatsikira kumadzi, eni ake amachuluka. Nyanja itasefukira mu 2024, bungwe la National Water Resources Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la 2013, linakumbutsa anthu kuti malo onse apansi pa mzere wa mamita 477 ndi otetezedwa ndipo sayenera kumangidwapo mwachisawawa. Mzerewo ndi wothandiza kwa obzala, chifukwa umakupatsani poima wina akafuna kuzula bango kuti amange. Vuto ndi lakuti pamchenga suoneka. Kuti udziwike pamafunika woyeza malo ndi zipangizo zake, ndipo anthu otere sapezeka pachilumba tsiku lililonse.

Palinso asodzi. Pansi pa lamulo la zausodzi la 1997, doko limatha kukhala ndi komiti yake ya asodzi, yotchedwa BVC. Pamene inu mukuona malo abwino obzala bango, iwo akuona pokocheza mabwato, poyanika maukonde ndi poika thandala la usipa. Gulu limene labzala osakambirana ndi BVC lisadabwe mbande zikapondedwa sabata yoyamba. Gwirizanani za njira ya bwato ndi malo oyanikira, ndipo zimene mwagwirizanazo zilembedwe.

Ngati ntchitoyo ndi yaikulu, ya bungwe lobwera ndi ndalama, yokhudza kumanga khoma la miyala kapena kusintha gombe, lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti bungwe loona zachilengedwe la MEPA liyambe laona chikalata chofotokoza ntchitoyo, n'kunena ngati pakufunika kafukufuku wa mmene idzakhudzire chilengedwe ndi anthu. Udindo umenewo ndi wa mwini pulojekiti. Mudzi usauzidwe kuti usonkhe ndalama zake.

Pamene fayilo imagona

Tinene kuti malire mwalemba, asodzi mwagwirizana nawo. Chotsatira ndi kusankha komiti yoyang'anira zachilengedwe m'mudzi, imene alangizi amaitchula kuti VNRMC. Komitiyo imalemba malamulo ake oyendetsera gulu, ndipo mothandizidwa ndi mlangizi wa zankhalango imawerenga zimene zili pamalopo ndi kulemba pulani ya kasamalidwe: adzadula ndani, liti, mitengo ingati, ndalama zidzasungidwa kuti. Kenako pamabwera chinthu chenicheni, mgwirizano wa kasamalidwe ka nkhalango wa mu gawo 31, pakati pa mudzi ndi Mkulu wa Zankhalango. Mgwirizanowu ndi umene umatchula malo, udindo wa mudzi, thandizo limene boma lidzapereka, ndi kagwiritsidwe ntchito ka zokolola.

Apa ndi pamene zinthu zimaima. Mabungwe ambiri othandiza amawerenga chipambano chawo ndi chiwerengero cha mbande zobzalidwa, motero akajambula zithunzi ndi kugawa matisheti amaona kuti ntchito yatha. Pulani ya kasamalidwe imatsala theka m'kompyuta ya wina. Ikamalizidwa, imadikira siginecha. Likulu la dipatimenti ya zankhalango lili ku Lilongwe, ndipo chilichonse chofuna dzanja la kumtunda chimayendera ndondomeko ya sitima. Likoma linakhala boma palokha mu 1999, litachoka pansi pa Nkhata Bay, koma ofesi zambiri za pachilumba zili ndi antchito ochepa, ndipo ofisala mmodzi akakwera Ilala kupita ku msonkhano, khomo lake limakhala lotseka mpaka sitima idzabwerenso. Akasamutsidwa, wolowa m'malo mwake amakuuzani kuti nkhaniyo akuyimva koyamba, mubweretse mapepala. Ngati munapereka kope lokhalo limene munali nalo, mwayambiranso.

Choncho musapereke pepala lililonse popanda kusunga lina. Pemphani kuti pa kope lanu adindepo chidindo cha tsiku limene alandira. Funsani mwaulemu koma momveka kuti, “Bwana, fayiloyi ikachoka pano ipita kwa yani, ndipo amene asayine m'malo mwa Mkulu wa Zankhalango ndani?” Yankho lake mulilembe m'buku la komiti pamodzi ndi tsiku. Mawu akuti “tikuyendetsa” angathe kukhala zaka.

Ngakhale mgwirizano utasayinidwa, patsala chinthu china. Komiti imapanga malamulo akuti mwini mbuzi yodya mbande alipe zakuti, wodula mtengo wauwisi alipe zakuti. Lamulo la 1997 linanena kuti malamulo a makomitiwa avomerezedwe ndi nduna. Chimodzimodzi malamulo aang'ono a khonsolo: makhansala akawavomereza, amapita kwa nduna ya maboma aang'ono asanayambe kugwira ntchito. Pamene chivomerezo chisanabwere, chindapusa chanu chimadalira ulemu umene wolakwayo ali nawo kwa amfumu. Woopa manyazi amalipa. Wodziwa lamulo amakufunsani kuti mphamvu yomulipiritsa mwaitenga kuti, ndipo amachoka akuseka. Pakadali pano chimene mungadalire ndi lamulo la zankhalango lenilenilo, limene linakhwimitsidwa mu 2020, makamaka pa zilango za kudula mitengo ndi kuotcha makala popanda chilolezo. Milandu yotere imapita kwa a zankhalango ndi apolisi, ndipo imayenda bwino mukakhala ndi mapu a malire ndi mgwirizano m'manja.

Ndalama zimene palibe amene amazitchula

Pamsonkhano woyamba mudzamva kuti zonsezi ndi zaulere. Ulangizi ndi ntchito ya boma ndithu, koma mudzapeza kuti njinga yamoto ya mlangizi ilibe mafuta, ofesi ilibe mapepala, makina osindikizira atha inki. Ngati nkhalangoyo ili ku Chizumulu, onjezani mafuta a boti. Msonkhano wa akuluakulu a m'maofesi woti uone pulani yanu nthawi zina sukhala chifukwa palibe wolipira alawansi, ndipo mudzi wopanda bungwe kumbuyo kwake umangokhala pamzere. Ngati gulu lasankha kuthandiza ndi mafuta, zilembedwe m'buku la msungichuma, wolandira asayine. Ndalama iliyonse imene akuti ndi ya boma ikhale ndi risiti ya boma. Wina akakuuzani kuti “muwaonere kangachepe abwana kuti fayilo iyende,” zimenezo ndi ziphuphu, ndipo mungathe kukanena kwa Bwanamkubwa kapena ku Anti-Corruption Bureau.

Mtengo wina wobisika ndi mpanda. Pachilumba cha mbuzi zoyenda zokha, mbande yopanda chotchinga siona chilimwe chachiwiri, ndipo mitengo yotchingira nayonso ndi yogula. Bajeti imene ili ndi mbande koma yopanda mpanda ndi kuthirira kwa zaka ziwiri, ibwezeni kwa amene wailemba.

Njira yopezera thandizo la khonsolo imayambira pa komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, kupita ku ADC ya kwa Mfumu Yaikulu, mpaka kulowa mu pulani ya chitukuko ya boma. Ntchito imene sinalowe mu pulaniyo imavuta kuipezera ndalama, ngakhale khansala ataikonda bwanji. Muilembetse nthawi imene mudzi ukupanga mndandanda wa zofuna zake, ndipo muitchule kuti ndi yoteteza gombe ku kusefukira kwa nyanja, pakuti imeneyo ndiyo ntchito yake.

Bungwe likabwera ndi mbande mu Disembala, lilandireni, koma musanakumbe dzenje loyamba lifunseni mafunso atatu pamaso pa amfumu: malire alembedwa kodi, pulani ya kasamalidwe adzaimaliza ndani, ndipo mgwirizano wosayinidwa udzafika m'manja mwa komiti mwezi uti. Ngati palibe yankho, bzalani mitengoyo pakhomo ndi m'minda yanu, pamene lamulo limavomereza kale kuti mtengo ndi wa amene waubzala pa malo ake. Nkhalango ya onse iyambe mapepala akakonzeka, ngakhale zitatanthauza kudikira mvula ya chaka chamawa.