Kodi mumadziwa? Anthu a ku Chifunda anasintha chigawo kawiri osasamuka

• Dera la Mfumu Chifunda lili m'chigwa cha Luangwa, m'boma la Chama ku Zambia. Eni dera ndi Asenga, omwe chilankhulo chawo n'chofanana kwambiri ndi Chitumbuka.

• Mu 2011 Pulezidenti Michael Sata anakhazikitsa chigawo chatsopano cha Muchinga, ndipo boma la Chama analichotsa ku Chigawo cha Kum'mawa n'kuliika kumeneko. Likulu la chigawo chawo linaleka kukhala Chipata, linakhala Chinsali, kutsidya kwa mtsinje wa Luangwa.

• Pofuna kulumikiza Chama ndi likulu latsopanolo, boma la Zambia linayamba kumanga msewu wa Matumbo-Chama pansi pa ndondomeko ya Link Zambia 8000. Komabe ambiri ankagula ndi kugulitsa katundu kudzera njira yakale ya ku Lundazi.

• Mu 2021 Pulezidenti Hakainde Hichilema anabweza Chama ku Chigawo cha Kum'mawa.

• Chama imadziwika ndi mpunga. Kampani ya COMACO imagula mbewu kwa alimi a m'chigwachi pofuna kuti asiye kupha nyama zakutchire.

• Chama imachita malire ndi Malawi, choncho mitengo ya zinthu ikasintha mbali imodzi, amalonda amatembenuka. Mu Novembala 2023 Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha yake ndi 44 peresenti, katundu wa ku Zambia n'kukwera mtengo kwa Amalawi. Chilala cha 2024 chitavuta, Zambia inaletsa kutumiza chimanga kunja.