Kusankha Mabuku ndi Maphunziro Oyenera a OpenGL

Zithunzi za m'masewera ambiri a pakompyuta zimajambulidwa mothandizidwa ndi laibulale, kutanthauza gulu la malamulo okonzedwa kale amene wolemba mapulogalamu amagwiritsa ntchito m'malo molemba zonse yekha. Imodzi mwa malaibulale odziwika kwambiri ndi OpenGL, imene kampani ya Silicon Graphics inatulutsa mu 1992, ndipo kuyambira mu 2006 imayang'aniridwa ndi bungwe la Khronos Group. Popeza yakhalapo kwa zaka zoposa 30, zowerenga zake n'zochuluka, koma zambiri mwa izo zimaphunzitsa njira zomwe zinasiyidwa kalekale, ndipo wophunzira watsopano sangazindikire zimenezi msanga.

Pa njira yakale, wolemba pulogalamu ankatchula nsonga za chinthu chojambulidwacho imodziimodzi pakati pa malamulo awiri, glBegin ndi glEnd. Zinthu zinayamba kusintha mu 2004 pamene OpenGL 2.0 inabwera ndi chinenero cha GLSL cholembera ma shader, omwe ndi timapulogalamu togwira ntchito m'kachipangizo kojambula zithunzi kotchedwa GPU, kuwerengera malo a nsonga iliyonse ndi mtundu wa kadontho kalikonse ka pasikirini. Mu 2008 OpenGL 3.0 inalengeza kuti njira yakale ija ikusiyidwa, ndipo mu 2009 OpenGL 3.2 inakhazikitsa gawo lotchedwa core profile, momwe malamulo akalewo sagwiranso ntchito.

Choncho muyeso woyamba wa buku kapena phunziro lililonse ndi nambala ya OpenGL imene likutsatira. Ngati m'mitu yoyambirira mukuoneka glBegin, monga mmene zilili m'maphunziro a NeHe omwe anatchuka kale, wophunzira adzataya nthawi pa zinthu zimene adzafunika kuziiwala. Maphunziro aulere a LearnOpenGL, olembedwa ndi Joey de Vries, amatsatira OpenGL 3.3 m'chinenero cha C++, ndipo amayamba ndi kutsegula windo pogwiritsa ntchito laibulale ya GLFW, kenako kujambula chinthu cha makona atatu, asanafike pa kuwala ndi mithunzi. Buku la OpenGL Programming Guide, lodziwika kuti Red Book, limafotokoza mozama, ngakhale kuti makope ake oyambirira nawonso ndi a njira yakale, pomwe zolemba za Khronos Group n'zothandiza pofufuza tanthauzo la lamulo limodzi osati pophunzira kuyambira pachiyambi.

Kompyuta ya wophunzirayo nayonso iyenera kuganiziridwa, chifukwa makina a Apple amalekezera pa OpenGL 4.1 pamene yomaliza kutuluka ndi 4.6 ya mu 2017, kotero zitsanzo zina za m'mabuku atsopano sizingayende pamenepo. Buku labwino kwa woyamba ndi limene limatchula nambala yake poyera, limaphunzitsa ma shader m'mitu yoyambirira, limafotokoza masamu a mavekitala ndi ma matrix osunthira ndi kutembenuzira zinthu, ndiponso lili ndi zitsanzo zimene wophunzira angaziyese pamakina ake n'kuona zotsatira tsiku lomwelo.