Mkodzo wotentha kwa mayi wosiya kusamba usapasule banja

Amayi ndi abambo omvera wailesi yathu, nkhani ya ulendo uno ndi ija amayi amanong'onezana kuchitsime koma saikamba pagulu. Tikamba za mayi amene wafika msinkhu wosiya kusamba, ndi vuto lomwe limakonda kumupeza pa msinkhu umenewu, lomva kutentha potaya madzi.

Kusiya kusamba si matenda. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, lomwe kuno timalidziwa kuti OMS, limati amayi ambiri amasiya kusamba ali ndi zaka za pakati pa 45 ndi 55. Mayi amatchedwa kuti wasiyadi akatha miyezi 12 yotsatizana osaona msambo. Nthawiyi isanakwane msambo umadumphadumpha, ndipo mimba ikhoza kubwera ndithu. Choncho musasiye kulera musanafunse anamwino, makamaka inu a jakisoni, pakuti jakisoniyo payekha amatha kuimitsa msambo. Amayi ena amamva thupi kutentha mwadzidzidzi, kutuluka thukuta usiku mpaka kuponya bulangete, ngakhale m'mwezi wa Juni pamene kuno ku Fonte Boa chisanu chimalowa m'mafupa. Ambiri amathamangira kunena kuti ndi malungo. Kayezetseni magazi, musangomwa mankhwala.

Chimasintha ndi chiyani m'thupi?

M'thupi la mayi muli mchere wina wotchedwa esitrojeni, umene umapangidwa m'mabasiketi a mazira. Mcherewu ndi umene umasunga khungu la m'njira ya abambo ndi la njira ya mkodzo kukhala lochindikala ndi lonyowa. Umathandizanso tizilombo tina tabwino timene timakhala kumeneko ngati alonda, kuletsa tizilombo toipa kuswana. Mayi akasiya kusamba, esitrojeni amachepa kwambiri. Khungu lija limapyapyala ndi kuuma, alonda aja nawonso amachepa.

Tsono njira ya mkodzo ya mayi ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 4, pamene ya bambo imafika pafupifupi 20. Ilinso pafupi ndi kotulukira chimbudzi. Kachilombo kamene kamayambitsa matendawa kawirikawiri, kotchedwa E. coli, kamakhala m'matumbo mwa munthu aliyense. Kwa mayi, ulendo wake wokafika m'chikhodzodzo ndi waufupi, ndipo alonda akachepa palibe wokatchinga. Enanso, makamaka amene anabereka ana ambiri, chikhodzodzo chimatsika ndipo mkodzo sutha wonse. Mkodzo wotsalirawo ndi dziwe loswaniramo tizilombo.

Zizindikiro zake ndi kutentha kapena kubaya pokodza, kukodza pafupipafupi koma timadontho tochepa, kulephera kupirira mkodzo ukabwera, kupweteka pansi pa mchombo, ndi mkodzo wa mbuu kapena wonunkha.

Apa ndi pamene mabanja amayambana

Mayi akamva kutentha pokodza, maganizo amathamangira ku chinzonono. Mayi aloza bambo kuti wabwera nazo kuchokera koyenda. Bambo naye, poona kuti mkazi wake akukana kukhala naye malo amodzi chifukwa cha kuuma ndi kupweteka, ayamba kukayika kuti kapena kuli wina. Nkhani ifika kwa ankhoswe, anthu amene akhala limodzi zaka 30 napatukana mphasa, chikhalirecho wolakwa ndi kachilombo kochokera m'matumbo mwa mayi mwini.

Tisanamizane, matenda opatsirana pogonana alipo, ndipo sayang'ana msinkhu. Mayi wosiya kusamba akhoza kutenga chinzonono, chindoko ngakhalenso HIV, ndipo khungu lopyapyala lija limang'ambika msanga. Kondomu imagwirabe ntchito yake ngakhale nkhawa ya mimba itatha. Koma matenda a m'chikhodzodzo sali m'gulu limeneli, ndipo amagwira ngakhale mayi wamasiye amene wakhala yekha zaka zambiri. Zizindikiro zimafanana moti munthu sangasiyanitse ali kunyumba. Kwina kutenthako n'kuuma chabe, popanda kachilombo kalikonse. Amene angasiyanitse ndi achipatala, atafunsa bwino, kupima, ndi kuyeza mkodzo. Abambo, m'malo moitana ankhoswe, tengani njinga muperekeze mayi kuchipatala.

Makapisozi a pamsika

Chizolowezi chogula makapisozi awiri kapena atatu pa tebulo la wogulitsa n'chimene chikutipweteka. Munthu amwa lero ndi mawa, kutentha kuchepa, iye nasiya. Tizilombo totsala timazolowera mankhwalawo, ndipo matenda akabweranso samva. M'maiko ambiri E. coli anazolowera kale bakitirimu ndi amokisisilini, mankhwala omwewo amene anthu amakonda kugula. Kuchipatala amasankha mankhwala oyenera ndi masiku ake, ndipo muwamalize onse monga mwauzidwira. Pakatha masiku awiri kapena atatu osasintha, bwereraniko.

Tizilomboti tikalekereredwa timakwera kukafika ku impso. Mukamva kutentha thupi ndi kunjenjemera, kupweteka m'nthiti cha kumsana, kapena kusanza, musadikire kuti kuche kawiri. Agogo okalamba nthawi zina amangofooka ndi kusokonezeka mutu, ayi si ufiti, athamangitseni kuchipatala. Zikakula, a pachipatala chaching'ono amatumiza wodwala ku chipatala chachikulu ku Vila Ulongwe. Magazi mumkodzo nawonso afunika kuyezedwa, pakuti mwina ndi likodzo, makamaka kwa amene amachapa kumtsinje ndi kuthirira kudimba.

Matendawa akabwera kawiri m'miyezi 6, kapena katatu pa chaka, auzeni anamwino kuti ndi obwerezabwereza, ndipo pemphani kuti akuyezeni shuga. Alipo mankhwala opaka m'njira ya abambo okhala ndi esitrojeni wochepa, amene amachepetsa kuuma ndi kubwereza kwa matendawa. Sapezeka paliponse ndipo sayenera mayi aliyense, n'chifukwa chake ofunika kufunsa ndi dokotala.

Zimene mungachite kunyumba

Imwani madzi okwanira. Tikudziwa kuti amayi amene amakhala tsiku lonse pa mulu wa kachewere kapena kabichi pa msika wa Lizulu amadzimana madzi dala poopa kusowa kotayira, ndipo m'nyengo yozizira ludzu silimveka. M'chaka cha 2018 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa amayi 140 a ku Bulgaria amene ankadwala matendawa pafupipafupi ndiponso ankamwa madzi ochepa. Amene anawonjezera lita imodzi ndi theka pa tsiku anadwala pafupifupi theka la mmene anadwalira anzawo. Amayiwo anali asanasiye kusamba, komabe madzi savulaza, kupatula kwa amene adokotala anawaletsa chifukwa cha mtima kapena impso.

Musasunge mkodzo nthawi yaitali. Mukachoka kuchimbudzi, pukutani kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Tayani madzi mukatha kukhala malo amodzi ndi abambo. Sambani kunja kokha ndi madzi oyera. Sopo, mandimu, kapena zitsamba zoumitsa zimene ena amaika m'kati zimapha alonda otsala aja ndi kupsereza khungu lomwe lauma kale.

Chinthu china chimene sitifuna muiwale ndi ichi. Mayi amene watha chaka osasamba akaonanso magazi, ngakhale kadontho pa chitenje kapena atakhala ndi abambo, si msambo wabwerera ayi. Nthawi zambiri n'kuuma komwe kuja, koma nthawi zina ndi chizindikiro cha khansa ya chiberekero kapena ya khomo lake, matenda amene akupha amayi ambiri ku Mozambique ndi ku Malawi komwe. Pitani sabata yomweyo, nenani tsiku limene munaona magaziwo, ndipo tengani khadi kapena buku lanu lakuchipatala, kaya munalembetsa mbali ino ya malire kapena ku Ntcheu ndi ku Dedza.