Za Cambo ndi Anthu Ocisunga

Abale, ndi inu aphunzitsi a m'midzi, mverani za nsomba za m'nyanja yathu, ndi za iwo amene amaikira asodzi malamulo.

M'caka ca 1939 ophunzira atatu, Bertram, Borley ndi Trewavas, anafufuza za nsomba za m'nyanja. Ndipo kuyambira 1945 kufikira 1947 Rosemary Lowe anakhala pa nyanja kuphunzira makhalidwe a cambo. Anacipima, nacitumbula, nazindikira kuti cimayamba kuswa cikatha monga zaka zitatu. Taonani umo cimalerera: cambo cacikazi cimafungata mazira m'kamwa mwace, ndipo ana akaswa amabisalabe momwemo, kufikira make awafikitsa ku madzi osaya, kumene kuli udzu ndi bango. Cifukwa cace khoka la maso ang'ono, likakokedwa pa nyengo yakuswa, limapha make ndi ana pamodzi, nizulanso udzu wobisalamo otsalawo.

Masiku amenewo nchito inagawika motere: wophunzira awerenge nsomba, Boma lilembe lamulo la maso a ukonde ndi la miyezi yoletsa, msodzi angomvera. Koma madoko ngambiri, olondera ngowerengeka, ndipo lamulo losapangana anthu analiyesa la eni ace. Ku Malombe m'caka ca 1982 anapha cambo coposa matani 8,000. Pofika 1992 sicinakwane ndi 1,000 comwe, ndipo asodzi anatembenukira ku kambuzi. Nzeru ya ophunzira inali yoona ndithu, koma inalibe woisunga pa doko.

Tsono m'caka ca 1993 Boma linayesa njira yina ku Malombe komweko: linaika makomiti a asodzi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuti apangane malamulo pamodzi nalo, ndipo lamulo la nsomba la 1997 linatsimikiza njirayo. Cambo ca ku Malombe sicinabwererebe monga kale, pakuti mwini khoka wokhala ndi ngongole saleka kukoka cifukwa ca msonkhano.

Lero ophunzira amapita kukafunsa ku cilumba ca Mbenji, m'boma la Salima, kumene Mfumu Makanjira imatseka usodzi m'nyengo ya dzinja, kuyambira December kufikira April. Mwambo umenewu unayamba m'zaka za m'ma 1950. Pa cilumbapo saloleza mowa kapena njuga, ndipo wolakwa amaweruzidwa ndi akuluakulu a komweko, nacotsedwa pa cilumba.