Ngongole ya boma ili m'buku lanu la kubanki

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi yosanthula zachuma, funso lawo limakhala limodzimodzi: "Kodi ngongole yonseyi adzabweza ndani? Satilanda dzikoli?" Yankho la funso lachiwirilo ndi losavuta. Palibe wobwereketsa amene adzabwere ndi apolisi kudzatenga nyanja kapena phiri la Mulanje. Koma funso loyambalo ndi lolemera, chifukwa wobwezayo ndi inu, ndipo munayamba kale kubweza.

Boma limakongola kuwiri, kunja ndi kuno kwathu. Ya kunja ndi imene imatchuka pa wailesi. Gawo lalikulu la ngongoleyi ndi la mabungwe monga World Bank, IMF ndi African Development Bank, omwe chiwongoladzanja chawo ndi chochepa ndipo amapereka zaka zambiri zobwezera. Yowawa ndi ya mabanki a malonda, makamaka Afreximbank ndi Trade and Development Bank. Vuto la ngongole yakunja ndi lakuti imabwezedwa m'madola. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ngongoleyo inatupa tsiku lomwelo tikaiwerengera m'makwacha, chikhalirecho sitinakongole ngakhale tambala ina. Komabe yakunja ndi yotheka kuikambirana. Mu 2006 Malawi anakhululukidwa gawo lalikulu la ngongole yake yakunja pansi pa ndondomeko ya HIPC, yokhululukira ngongole maiko osauka.

Imene imandisowetsa tulo ine ndi ya kuno kwathu, ndipo anthu saikamba kwambiri. Imayenda chonchi. Pafupifupi sabata iliyonse banki yaikulu ya Reserve imagulitsa m'malo mwa boma mapepala a ngongole. Ena, otchedwa Treasury bills, amabwezedwa pakatha masiku 91, 182 kapena 364. Ena, ma Treasury notes, amatha zaka ziwiri mpaka khumi. Ogula mapepalawa ndi mabanki, makampani a inshulansi ndi osunga ndalama za penshoni. Nanga iwowa ndalamazo amazitenga kuti? Ndi malipiro anu omwe alowa ku akaunti, ndi ndalama za fodya zomwe mlimi wasungitsa, ndi 5 peresenti imene amakudulani mwezi ndi mwezi ya penshoni pamodzi ndi 10 peresenti imene abwana anu amawonjezerapo. Mwabwereketsa boma osadziwa.

Kukongola pakokha si tchimo. Boma likakongola n'kumanga malo opangira magetsi kapena msewu wofika kumene kuli alimi, chuma chimakula ndipo msonkho wa mawa umabweza ngongole ya lero. Chomwe chimaononga ndi kukongolera malipiro, mafuta a galimoto za boma ndi chiwongoladzanja cha ngongole yakale. Pamenepo boma limafanana ndi munthu amene watenga katapila kuti akabweze katapila mnzake. Chizolowezichi chinakula pambuyo pa kubedwa kwa ndalama za boma kotchedwa Cashgate mu 2013, pamene maiko otithandiza, omwe ankathira pafupifupi 40 peresenti ya bajeti, anasiya kuika ndalama m'thumba la boma. Dzenjelo linakwiriridwa ndi ngongole ya kuno kwathu, yomwe ndi yodula zedi. Mu 2024 banki ya Reserve inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo boma linkakongola pa mitengo yoyandikira pamenepo.

Apa ndi pamene msonkho umalowera. Mu bajeti ya 2024/25, ya pafupifupi K6 thiliyoni, ndalama zokwana pafupifupi K1.5 thiliyoni zinaikidwa kuti zilipire chiwongoladzanja chokha, osati kubweza ngongoleyo. Ndiye kuti pa K4 iliyonse, K1 inali itapita kale mphunzitsi asanalandire, mankhwala asanagulidwe. Mukamadandaula kuti bungwe lotolera msonkho la MRA likufinya, PAYE ikudya malipiro, VAT ikukwera m'golosale, koma kuchipatala akukuuzani kuti mukagule nokha mankhwala, simukulota ayi. Gawo lalikulu la msonkhowo likulipira zinthu zomwe zinadyedwa kale.

Palinso msonkho wina umene sulembedwa pa lisiti. Boma likasowa pogwira n'kukatapa kubanki ya Reserve, ndalama zimachuluka pamsika pomwe katundu ndi yemweyo, mitengo n'kukwera. Msonkho umenewu umagwera kwambiri mayi wogulitsa tomato, amene alibe nyumba kapena madola oti abisemo chuma chake.

Ambiri amakwiya akamva phindu la mabiliyoni lomwe mabanki amalengeza chaka ndi chaka. Mkwiyowo ndimaumvetsa, koma taganizani mutakhala inu woyang'anira banki. Kutsogolo kwanu kuli wabizinesi wa ku Limbe amene akufuna ngongole ya chigayo, ndipo mwina alephera kubweza. Kumbali kuli boma, likulonjeza chiwongoladzanja chonona popanda chikole choti mukachiyendere. Mupatsa ndani? Wachigayo amabwerera chimanjamanja, ntchito zomwe akanalemba anthu sizibadwa. Mlandu waukulu ndimauika pa boma, wokongola wosakhutayo.

Tsopano za kupulumutsa mabanki, zomwe zimapsetsa mtima kuposa zonse. Banki sisunga ndalama zanu zonse m'sefa. Zambiri imazibwereketsa, n'kusiya zochepa zoti ipatse obwera kudzatapa tsiku limenelo. Mphekesera ikangomveka kuti banki yakuti ikugwa, aliyense amathamangira kukachotsa zake, ndipo ngakhale banki yabwinobwino singapirire. Mantha amalumphira kumabanki ena. N'chifukwa chake maboma amathira ndalama. Dziko la Ireland linalonjeza mu 2008 kuteteza ngongole za mabanki ake, linathiramo mayuro pafupifupi 64 biliyoni, ndipo pofika 2010 bomalo lenilenilo linafunika kupulumutsidwa.

Kwathu kuno tinaziona mu 2015 pamene Malawi Savings Bank inagulitsidwa kwa FDH. Isanagulitsidwe, boma linasenza ngongole za pafupifupi K6 biliyoni zomwe anthu ndi makampani anakongola kubankiyo osabweza. Osungitsa ndalama sanataye kanthu, ndipo chimenecho chinali chabwino. Chowawa chinali chakuti ngongole za anthu ochepa, ena mwa iwo olemera, zinasanduka katundu wa aliyense wokhoma msonkho. Mfundo yanga pa nkhaniyi sisintha: pulumutsani wosungitsa, mwini banki ataye zomwe anaikamo, woyendetsa banki achoke, ndipo wokongola alondoledwe mpaka abweze. Lamulo la 2022 linakhazikitsa bungwe la Deposit Insurance Corporation, lomwe mabanki amasonkhako kuti banki ikagwa, wosungitsa wamng'ono abwezeredwe mpaka pa mlingo woikika popanda kukhudza msonkho. Ndi poyambira pabwino, ngakhale thumba lotere silinganyamule banki yaikulu.

Ena amati, "Boma lingokana kubweza basi." Likakana ya kuno kwathu, likukana ndalama zanu. Ghana inayesa njira yofanana nayo kuyambira December 2022, pouza okongoza boma a m'dzikomo kuti asinthe mapepala awo ndi ena a chiwongoladzanja chotsika komanso zaka zambiri. Mabanki ambiri analengeza kuti aluza, boma linakhazikitsa thumba lowachirikiza, ndipo okalamba opuma pantchito anakachita zionetsero ku unduna wa zachuma ku Accra. Mabanki akadzaza ndi mapepala a boma, kudwala kwa boma ndi kudwala kwa banki, ndipo wolipira mankhwala a onse awiri ndi wokhoma msonkho yemweyo.

Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 April, ndipo nduna imawerenga bajeti ku Nyumba ya Malamulo masabata angapo tsikulo lisanafike. Ulendo uno musangomvera za mtengo wa feteleza ndi malire a PAYE. Funani manambala awiri: ndalama zolipira chiwongoladzanja, ndi ndalama zomwe boma likufuna kukongola kuno kwathu. Muziyerekeze ndi za unduna wa zaumoyo, kenako mufunse phungu wanu chifukwa chake wavomereza.